Poni ikafika kumapeto a bolodi: lamulo limene linavuta kwa zaka mazana

Wosewera drafuti aliyense amadziwa kuti kachidutswa kakafika mzere womaliza kamasanduka mfumu, basi. Mu chesi nkhaniyi ili ndi nthambi. Poni, msilikali wamba uja amene saloledwa kubwerera m'mbuyo, ikafika mzere wachisanu ndi chitatu imachotsedwa, ndipo mwini wake amaikapo mfumukazi, ruku, bishopu kapena hatchi ya mtundu wake. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse, safunsa ngati mfumukazi yoyamba ikadalipo, moti munthu akhoza kukhala nazo mpaka zisanu ndi zinayi. Ena amati ufulu wotere ndi wopyola muyeso. Ine ndikuona kuti mwa malamulo onse amene anayesedwapo, ili ndilo loyenera, ndipo mbiri yake ikusonyeza chifukwa.

Mu shatranj, chesi ya Aperisi ndi Aluya imene inachokera ku chaturanga ya ku India, poni inkasanduka firzan, nduna ya mfumu yoyenda kabokosi kamodzi kokha mopingasa. Mphothoyo inali yochepa, ndiye panalibe chokanganirana. Zinthu zinatembenuka ku Spain cha m'ma 1475, pamene nduna yofooka ija, imene Azungu anali atayamba kale kuitcha mfumukazi, inapatsidwa mphamvu zodutsa bolodi yonse mbali iliyonse. Buku la chesi lolembedwa ndi Lucena la mu 1497 likufotokoza kale masewera atsopanowa. Lamulo lokweza poni silinasinthe mawu, koma mtengo wake unakwera kwadzaoneni: kachidutswa kotsikitsitsa kanayamba kubala chida choopsa kuposa zonse.

Apa mpamene mkangano unakula. Mfumu imodzi, mfumukazi ziwiri? François-André Philidor, katswiri wa ku France amene buku lake linatuluka koyamba mu 1749, ankakonda maponi kuposa mnzake aliyense wa nthawi yake, komabe ankaphunzitsa kuti poni isanduke chida chokhacho chimene chadyedwa kale. Ku Italy lamulo lomwelo linagwira ntchito mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ngati panalibe chodyedwa, poniyo inkangokhala phee kumapeto kudikira. Maganizowa ali ndi nzeru yake: msilikali amalowa m'malo mwa mkulu amene wagwa, ndiponso bokosi la chesi limabwera ndi mfumukazi imodzi mbali iliyonse. Koma taonani amene akulangidwa. Wosewera mosamala, amene wafikitsa poni kumapeto osataya kanthu, akubwerako chimanjamanja, pamene wotaya mfumukazi mosasamala akuibwezeretsa. Katswiri wina, Howard Staunton, m'buku lake la mu 1847, anatenga mbali ya ufulu wosankha, ndipo mantha akuti mfumukazi zambiri ziwononga masewera sanapherezeke. Mu 1959 Bobby Fischer ndi Tigran Petrosian anakhala ndi mfumukazi zinayi pa bolodi imodzi, masewerawo n'kutha popanda wopambana.

Wina angatsutse kuchokera mbali ina, kuti ngati pafupifupi aliyense amasankha mfumukazi, kusankhako n'kwachiyani. Yankho linaoneka ku Glasgow mu 1895. Nyuzipepala ina kumeneko inasindikiza chithunzi cha mapeto a masewera: woyera ali ndi mfumu ndi poni imodzi, wakuda ali ndi mfumu pa ngodya ndi ruku. Mlembi wake anati palibe wopambana, chifukwa poni ikasanduka mfumukazi wakuda amapereka ruku yake dala, mfumukazi n'kuidya, mfumu yakuda n'kutsala yopanda koponda koma isanaopsezedwe, zimene pa malamulo ndi kufanana mphamvu. Wansembe wa ku Spain, Fernando Saavedra, ndiye anaona chimene ena sanachione: poniyo isanduke ruku. Ruku siitsekera mfumu njira zonse, choncho msampha uja sugwira, ndipo wakuda posakhalitsa amataya ruku yake kapena kugonja kumene. Chida chaching'ono chikupambana pomwe chachikulu chikulephera. Hatchi nayo ili ndi nthawi yake, popeza imalumpha m'njira imene mfumukazi singathe.

Panalinso ena amene anafuna ufulu woposa pamenepa. Mu 1862 bungwe la British Chess Association linalola kuti poni ikane kukwezedwa, ingokhala poni, ndipo Wilhelm Steinitz, katswiri woyamba wa dziko lonse, anagwirizana nazo. Koma poni yopanda kopita imathandiza makamaka munthu amene akudzitsekera dala kuti athawe kugonja. Mpikisano wa ku London wa mu 1883 unatsata lamulo lokakamiza kukweza, ndipo ndilo linakhazikika.

Abale a chesi a ku Asia anatsata njira zina, ndipo sindikuzinyoza. Mu xiangqi ya ku China msilikali akawoloka mtsinje amangoyamba kuyendanso cham'mbali. Mu makruk ya ku Thailand poni imakwezedwa msanga, pa mzere wachisanu ndi chimodzi, koma imasanduka chida chofooka chonga firzan. Mu shogi ya ku Japan zida zambiri zimatembenuzidwa zikalowa m'mizere itatu yomaliza. Mphotho zimenezi n'zochepa chifukwa ulendo wake ndi waufupi. Poni ya chesi imayenda mizere isanu ndi umodzi pamaso pa mfumukazi ya mdani, ndipo pa mapeto a masewera ambiri kusiyana kwa poni imodzi ndiko kumagamula mlandu.