Ng'oma ndi Thumba la Boma: Mbiri ya Chithandizo cha Magule m'Dera la Mecanhelas

Pamene tikukumbukira zaka zimene makolo athu ndi ife tapyolamo m'dziko lino la pakati pa nyanja ziŵiri, Chirua ndi Chiuta, nkoyenera kuti tifotokozeko nkhani imodzi imene kaŵirikaŵiri olemba mbiri amaidumpha. Nkhaniyi ndi ya ng'oma, ndi ya funso lakuti kodi amene wakhala akulipira mtengo wake ndani. Pakuti gule sangochitika chabe. Pafunika mmisiri wosema mtengo, chikopa chokungira, phula lomata pakati, nsalu za ovina, ufa ndi ndiwo za tsiku la chikondwerero, ndiponso ulendo ngati gule waitanidwa kutali. Zonsezi zili ndi mtengo wake, ndipo amene wapereka ndalama nthaŵi zambiri amafunanso kusankha nyimbo.

M'masiku a makolo funsoli silinali lovuta. Mudzi unali kudzisamalira wokha. Ikayandikira nthaŵi ya chinamwali kapena ya sadaka, banja lililonse linali kusonkha lichero la chimanga kapena la mapira, asodzi anali kubweretsa nsomba zouma za m'nyanja, amayi anali kufulula moŵa, ndipo mfumu inali kuyang'anira kuti woimba ng'oma asabwerere kwao chimanjamanja. Gule anali wa eni mudzi chifukwa anali kudya za eni mudzi.

Boma la Apwitikizi silinaike thumba lililonse la magule athu. Kuyambira nthaŵi ya Companhia do Niassa, imene inalamula chigawo chino kufikira chaka cha 1929, chimene Mzungu anali kufuna kwa munthu wakuda ndi msonkho ndi thukuta. Kuchokera 1938 kunadza kulima thonje kokakamiza, ndipo lamulo la Indigenato, lomwe linasiyanitsa "mbadwa" ndi anthu otchedwa otsungula, linatha m'chaka cha 1961. Magule athu onse, osasiyanitsa wa maliro ndi wa ukwati, anali kuwatchula ndi liwu limodzi lakuti batuque. Ng'oma inali kufunika kuboma tsiku lobwera mlendo wamkulu basi: asipayi anali kuuza mafumu kuti asonkhanitse anthu, anthuwo nkuvina padzuŵa, madzulo nkubwerera kwao. Munthu wofuna kuyesedwa wophunzira anayenera kuchita manyazi ndi gule wa amake. Bala limeneli linaloŵa mkati, ndipo ena mwa ife tikali nalo.

Ufulu wa pa 25 Juni 1975 unasintha zinthu. Boma la Samora Machel linanena poyera kuti chikhalidwe cha anthu ndi chuma cha dziko, ndipo kwa nthaŵi yoyamba ndalama za boma zinatuluka chifukwa cha ng'oma. M'sukulu, m'midzi ndi m'malo a ntchito munakhazikitsidwa magulu a zamagule, ndipo m'mizinda munatsegulidwa nyumba zotchedwa Casas de Cultura. M'chaka cha 1978 kunachitika Festival Nacional de Dança Popular, mpikisano wa magule wa dziko lonse. Kayendetsedwe kake kanali kotere: magulu anali kupikisana poyamba m'midzi mwao, opambana anali kupita kulikulu la disitiriki, kuchoka pamenepo kulikulu la chigawo, ndipo otsiriza anakavina ku Maputo. Motero magule a ku Niassa monga chioda cha amayi ndi nganda ya abambo a kunyanja anaonedwa ndi anthu amene sanawamvepo ndi kale lonse. Kumapeto kwa 1980 kunatsatira chikondwerero china chonga chomwecho cha nyimbo ndi zoimbira za makolo. Gulu la dziko lonse la nyimbo ndi magule, limene pambuyo pake linatchedwa Companhia Nacional de Canto e Dança, linayamba m'chaka cha 1979.

Tisabise kuti zimenezi zinali zabwino, pakuti zinachotsa manyazi pankhope za ovina. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Boma lomwe linatumiza galimoto yonyamula ovina ndilo linali kunenanso nyimbo yoyenera ndi yosayenera. Mawu akale a nyimbo zambiri anachotsedwa, m'malo mwake munaloŵa mawu otamanda chipani ndi ntchito zake. Chinamwali, kupembedza mizimu ndi ntchito za asing'anga zinatchedwa obscurantismo, ndiye kuti zinthu za mumdima, ndipo mafumu, amene anali osunga miyamboyo, anachotsedwa paudindo. Chotero gule wa pabwalo la boma anakula, koma gule wa kusimba ndi wa kumanda anabisala.

Kenaka inadza nkhondo. Za nkhondo imeneyi palibe banja muno losoŵa chonena. Njanji yochoka ku Cuamba kudzera pa Entre Lagos kunka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, inaleka kuyenda bwino, midzi inapsa, ndipo anthu a Mozambique oposa 1,000,000 anathaŵira ku Malaŵi. Boma lokha linalibe ndalama, makamaka itayamba ndondomeko yochepetsa zowononga za boma ya 1987. Nzoona kuti m'chaka cha 1988 kunakhazikitsidwa FUNDAC, thumba la boma lothandiza aluso, ndiponso kunatuluka lamulo la 10/88 loteteza chuma cha chikhalidwe. Koma lamulo lolembedwa ku Maputo silikanatha kugulira chikopa munthu wogona kuthengo. Amene anasunga magule m'zaka zimenezo ndi othaŵa nkhondo eni ake, amene anali kusonkha kuchokera pa kaufa kochepa ka m'misasa kuti mwana avinidwe ndi kuti maliro asaikidwe mwachinunu. Pangano la mtendere la ku Roma, pa 4 Okutobala 1992, linawabwezera kwao, ndipo anabwera ndi nyimbo zao pamodzi ndi zina zimene anaphunzira kwa abale a tsidya lija.

Mtendere utakhazikika, boma linayamba kubwezera mphamvu zina kumadera. Lamulo la 15/2000 linazindikiranso mafumu, ndipo lamulo la 8/2003 linakonza maboma a m'zigawo ndi m'madisitiriki, nkutsegula njira ya mabwalo a uphungu otchedwa Conselhos Consultivos, mmene nthumwi za midzi zimakhala pamodzi ndi akuluakulu a boma. M'chaka cha 2006, pa ulamuliro wa Armando Guebuza, disitiriki iliyonse inayamba kulandira meticais 7,000,000 pa chaka, ndalama zimene tonse tinazidziŵa ndi dzina lakuti sete milhões. Ambiri anayesa kuti tsopano magulu a magule apeza poyambira. Koma boma linafotokoza kuti ndalamazo nza ngongole, zolinga kuchulukitsa chakudya ndi ntchito. Mlimi, woŵeta mbuzi ndi mwini chigayo anali ndi chonena pabwalo la uphungu, pakuti akanatha kulonjeza kubweza. Nanga gulu la amayi ovina likanabweza chiyani? Ngakhale mwa okongolawo, obweza anali ochepa m'dziko lonse, ndipo mavuto a chuma a 2016, pamene maiko othandiza anaimitsa ndalama zao chifukwa cha ngongole zobisika, anachepetsanso zofika kumadisitiriki.

Njira imene inakhala yotseguka kwa aluso ndi ya Festival Nacional da Cultura, chikondwerero chimene chinatsata mapazi a chija cha 1978, chokhala ndi mipikisano yoyambira kumadisitiriki. Chinachitikira ku Xai-Xai mu 2008, ku Chimoio mu 2010, ku Nampula mu 2012, ku Inhambane mu 2014, ku Beira mu 2016, ndipo mu 2018 chikondwerero cha khumi chinafika kwathu ku Lichinga. Maiko akunja nawonso anatukula maso: bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malaŵi ndi Zambia pamodzi ndi timbila za Achopi m'chaka cha 2005, tchopa wa Alomwe a ku Malaŵi mu 2014, ndi mapiko a Amakonde mu 2023. Ulemu umenewu ngwaukulu. Komabe tikumbuke kuti nyimbo imodzi sachezera gule. Chikondwerero cha masiku oŵerengeka chimalipira ulendo ndi chakudya cha osankhidwa, koma sichiphunzitsa mwana kusema ng'oma, sichisamala nkhalamba yodziŵa mawu akale, ndipo chikatha gulu limabwerera kumudzi monga linachokera.

M'chaka cha 2023 Insaca, likulu la disitiriki yathu, inachita chisankho chake choyamba monga tauni yodzilamulira, yokhala ndi khonsolo ndi thumba lakelake. Ichi nchinthu chatsopano m'mbiri imene tafotokozayi, pakuti ogaŵa ndalama tsopano ndi anthu amene timakumana nao pamsika, ndipo amasankhidwa ndi mavoti athu.

Tsono mbiriyi ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, kupempha chithandizo cha boma si kupemphetsa ayi, pakuti thumba la boma ladzala ndi misonkho yathu. Gulu lililonse lilembetse dzina lake mwalamulo, likhale ndi mlembi ndi msungichuma okhulupirika, lilembe bwino chimene likufuna ndi mtengo wake, ndipo litumize munthu kubwalo la uphungu pa nthaŵi imene zofuna za chaka zikukambidwa, osati zitagaŵidwa kale. Chachiŵiri, cholandiridwa chiŵerengedwe poyera pamaso pa onse, chifukwa magulu ambiri saphedwa ndi umphaŵi koma ndi kukayikirana. Chachitatu, ndiponso chachikulu, tisaleke kusonkha tokha. Taona boma lonyoza gule, boma lomulipirira nkumusankhira mawu, boma losoŵa ndalama ndi boma lokongoza; onseŵa anadza ndi kusintha, koma lichero la chimanga la pamudzi silinasinthe.

Inu achinyamata, pitani kwa agogo anu akali moyo, mufunse mawu a nyimbo ndi matanthauzo ake, muwalembe m'kope. Inu akulu, musaumire ndi zimene mukudziŵa. Mutu umodzi susenza denga: boma ligwire mbali yake, ife tigwire yathu, kuti odzalemba buku lotsatira adzapeze ng'oma ikulirabe m'midzi ya Insaca ndi ya Chiuta.