Gogodela wa kudenga: zimene chitsulo chimanena

Adzukulu anga, tsiku lina mukamasasula nyumba yakale ku Mitundu kapena ku Nathenje mungadzapeze gogodela atatsomekedwa kudenga, wakuda bii ndi mwaye. Musadzafulumire kulengeza kuti iyi ndiyo inapitikitsa Angoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwafunsa chitsulocho.

Gogodela ankamuthira onga chakukamwa, kuponyamo chipolopolo, kenaka n'kutsindira ndi kandodo kachitsulo. Wothetheka moto ndi mwala ndiye wamkulu kubadwa. Wa fataki anadza pambuyo. Pambali pa choombera mungaone chisoti chachifumu ndi mawu oti TOWER. Ambiri akangoona zimenezi amati inali ya asilikali a Mngelezi. Osati nthawi zonse: amisiri a ku Birmingham ndi a ku Liège ankadinda mawu omwewo pa mfuti zotchipa zamalonda. Zilembo ELG zozingidwa ndi mzere wonga dzira zimatanthauza kuti mpope wake unayesedwa ku Liège, m'dziko la Belgium.

Zizindikirozi zimangotchula kumene mfuti inasulidwa. Za mtengo wake zili chete, pamene mtengowo unali minyanga ya njovu ndi anthu. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi amalonda a Chiyao ndiwo ankabweretsa mfuti ndi onga kuchokera kugombe. Mwase wa ku Kasungu anazikundika mpaka Angoni anamulephera, koma anagonja kwa Angelezi mu 1895. Kuno kwathu makolo ambiri linga lawo linali phiri: ena anathawira pa Bunda, anthu a Mazengera anakwera Nkhoma, kumene amishoni anakhazikika mu 1896. Choncho banja losunga gogodela lisangonyada. Lidzifunsenso kuti agogo anapereka chiyani kuti amupeze.

Kamfuti kam'chiuno n'kosowa kwambiri m'midzi. Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, kotchedwa Webley, kothyoka pakati ndi kolowa zipolopolo 6, kankayenda ndi akuluakulu a nkhondo Achizungu. Askari wa King's African Rifles ankasenza mfuti yaitali. Kachizindikiro konga mutu wa muvi kamasonyeza kuti kanali katundu wa boma la Britain.

Mukaipeza musaikwecheze ndi mchenga, mungafute umboni. Musayesenso kukoka choombera, pakuti onga wouma sukalamba msanga. Lembani dzina la amene ankaisunga ndi zonse zimene azakhali akukumbukira, ijambuleni mbali zonse, kenaka mukadziwitse apolisi, chifukwa lamulo sililola kusunga mfuti popanda chilolezo.