Kumene dyn ya mu Rust inachokera

Pulogalamu ikasunga pamodzi zinthu zosiyana mitundu, monga chozungulira ndi cha makona anayi, zonse n'kumafunika kujambulidwa pa sikirini, imadziwa bwanji code yoti iitane pa chilichonse? Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Oslo anayankha funsoli mu Simula 67: chinthu chizisankha chokha code yake pamene pulogalamu ikuyenda.

Bjarne Stroustrup wa ku Bell Labs anatengera nzeru imeneyi mu C++ cha mu 1983. Ma compiler a C++ anazolowera kubisa pointer m'kati mwa chinthu, yoloza ku mndandanda wa ma function wotchedwa vtable. Motero chinthu chimasenza pointer imeneyo moyo wake wonse, kaya ikufunika kaya ayi.

Ku Glasgow anaganiza mosiyana. Mu 1989, Philip Wadler ndi Stephen Blott anafotokoza ma type class a Haskell, mmene mndandandawo umayenda pawokha, osamatiridwa pa chinthu. Nayo Go, yomwe inatuluka mu 2009, inasiya chinthu chili chokha, n'kuika mndandanda pambali pake.

Rust, yomwe Graydon Hoare anaiyamba mu 2006 ndipo inafika pa 1.0 pa 15 May 2015, inatsata njira yachiwiriyi. Tinene kuti muli ndi struct yotchedwa Mpira ndi trait yotchedwa Jambula. Mukapereka &Mpira pamene pakufunika &dyn Jambula, Mpirawo susintha ngakhale pang'ono. Chimene chimanenepa ndi pointer: pa kompyuta ya 64-bit imachoka pa ma byte 8 kufika pa 16. Theka limaloza Mpira, theka linalo limaloza vtable, momwe muli kukula kwa Mpira, njira yowufufutira, ndi ma function ake. Kuyambira pamenepo pulogalamu imangodziwa zoti chinthucho chimajambulika.

Poyamba anthu ankalemba Box<Jambula> basi, popanda mawu akuti dyn, ndipo wowerenga sankaona msanga kuti pali vtable yochedwetsako zinthu. N'chifukwa chake dyn inabwera mu Rust 1.27 mu 2018, ndipo edition ya 2021 inalamula kuti izilembedwa nthawi zonse. Chimene chinatsala chinali kusandutsa dyn ya trait imodzi kukhala dyn ya trait ya kholo lake. Kwa zaka zambiri olemba mapulogalamu ankadzilembera okha function yochitira zimenezi, mpaka Rust 1.86 inayamba kuzichita yokha mu April 2025.