Anamwino ndi Zipatala Ziwiri za ku Lilongwe

Inu mafumu, anyakwawa ndi alimi nonse, lero tikambe za anamwino. Ambiri a inu mudaperekezapo mayi wapakati ku chipatala cha Bwaila, ku tauni yakale ya Lilongwe, ndipo mudamva akuluakulu akuchitcha "Bottom". Kodi dzina limeneli lidachokera kuti?

Pa nthawi ya Atsamunda ku Lilongwe kudali zipatala ziwiri za Boma. China chidali cha Azungu, ndipo ankachitcha "Top", ndiko kuti chapamwamba. Chinacho, cha ife anthu akuda, ndicho "Bottom", chapansi. Munthu asanafunsidwe kumene kukumupweteka, khungu lake lidali litamsankhira kale kogona. Zimenezi zidatha pamodzi ndi ulamuliro wa Atsamunda, koma dzina lidakanirira.

M'chaka cha 1966 Boma lidakhazikitsa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, la Nurses and Midwives Council. Bungweli limalemba m'kaundula namwino aliyense wophunzira mokwanira, ndipo lili ndi mphamvu yomfafaniza akalakwa kwambiri. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, chipatala chachikulu cha Kamuzu chidatsegulidwa mu 1977, ndipo sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idayamba mu 1979.

Mwambo umene anamwino amaphunzira ndi uwu: wodwala ndi wodwala basi. Bwana wa ku Area 10 wobwera pa galimoto asalandiridwe mwaulemu kuposa mayi wochokera kumudzi kwanu pa ngolo. Zikatero ndiye kuti "Top" ndi "Bottom" zabweranso m'chipatala chimodzi. Namwino asunge chinsinsi cha matenda a munthu, ngakhale mfumu imene itafunsa (pepani mafumu, apa mulibe gawo). Afotokoze chimene afuna kuchita asanamkhudze wodwala.

Tisabise, ntchitoyi ndi yolemetsa. Ku Bwaila kumabadwa ana oposa 10,000 pa chaka, ndipo azamba ndi ochepa. Ambiri amachezera usiku wonse ali chiimire, osadandaula. Komabe kutopa sikupatsa munthu ufulu wotukwana mayi amene ali pa ululu.

Tsono munthu wanu akanyozedwa, kapena akauzidwa kuti apereke ndalama ya m'manja, musangong'ung'udza pa bwalo. Pitani naye kwa mkulu wa anamwino pa chipatalapo, mutchule tsiku ndi chipinda chimene adagona. Zikakanika pamenepo, lembani kalata ku bungwe lija. Ofesi yake ili ku Lilongwe komweko.