Mmene maiko amapimira zolinga za citukuko za caka ca 2030

M'mwezi wa Sepitembala 2015, maiko 193 a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Zambia, anagwirizana mumzinda wa New York pa zolinga 17 za citukuko cokhalitsa, zodziwika ndi dzina lakuti ma SDG. Zolingazi zinalowa m'malo mwa zolinga 8 za Millennium zimene zinagwira nchito kuyambira 2000 kufikira 2015, ndipo ziyenera kukwaniritsidwa pofika caka ca 2030. Zina mwa izo ndi kuthetsa umphawi ndi njala, kucepetsa imfa za amai ndi ana, ndiponso kupereka maphunziro abwino ndi madzi aukhondo kwa onse.

Pofuna kudziwa ngati maiko akusunga lonjezo lao, zolingazi zinagawidwa m'mfundo 169, ndipo mu Julai 2017 bungweli linavomereza zizindikiro zoposa 230 zopimira mfundozo. Mwacitsanzo, pofika 2030 ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu asapitirire 25 mwa ana 1,000 obadwa amoyo, ndipo pa dziko lonse amai omwalira cifukwa ca pathupi kapena pobereka akhale ocepera 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo.

Kumene ziwerengero zimacokera

Udindo wosonkhanitsa ziwerengero uli m'manja mwa dziko lililonse. Mu Zambia nchitoyi imatsogoleredwa ndi bungwe la Zambia Statistics Agency, kapena kuti ZamStats, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la ziwerengero la 2018 m'malo mwa Central Statistical Office. Anchito a bungweli amayenda nyumba ndi nyumba pocita kalembera wa anthu, kafukufuku wa kakhalidwe ka mabanja ndi kafukufuku wa zaumoyo. Ziwerengero zina zimacokera m'mabuku a zipatala, masukulu ndi maunduna a boma.

Zikasonkhanitsidwa, ziwerengerozi zimaperekedwa ku mabungwe monga WHO, UNICEF, FAO ndi World Bank, amene amazikonza kuti za dziko lina zithe kuyerekezeredwa ndi za linzake. Kenaka zimalowa mu lipoti la pacaka la United Nations. Lipoti la 2024 linaonetsa kuti mwa mfundo zimene zinapimidwa, 17 peresenti cabe ndi zimene zinali kuyenda bwino kotero kuti zingakwaniritsidwe pofika 2030. Maiko amaperekanso malipoti ao mwa kufuna kwao pamsonkhano umene umacitika ku New York mwezi wa Julai, ndipo Zambia inacita zimenezi mu 2020 ndi mu 2023.

Mu Africa, nchito yoyerekezera maiko ndi zigawo imayang'aniridwa ndi nthambi ya United Nations yoona za cuma yochedwa ECA, imene likulu lake lili ku Addis Ababa ndipo ofesi yake ya kum'mwera kwa Africa ili mu Lusaka. Nthambiyi, mogwirizana ndi African Union, African Development Bank ndi UNDP, imatulutsa lipoti limene limapima zolinga za 2030 pamodzi ndi za Agenda 2063, imene ndi ndondomeko ya citukuko ya African Union.

Zimene zaoneka mu Zambia

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 19.6 miliyoni, pamene mu 2010 analipo pafupifupi 13.1 miliyoni. Kafukufuku wa mabanja wa caka comweco anaonetsa kuti umphawi unakwera kucoka pa 54.4 peresenti mu 2015 kufika pa 60 peresenti. Kumidzi unafika pa 78.8 peresenti, ndipo m'matauni unacoka pa 23.4 kufika pa 31.9 peresenti. Cigawo ca Muchinga ndico cinali ndi umphawi waukulu, pamene ca Lusaka cinali ndi wocepa.

Kumbali ya zaumoyo zinthu zinasinthako. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kucoka pa 61 mwa ana 1,000 mu 2018 kufika pa 42 mu 2024, ngakhale kuti mlingo wa 25 unali usanafikiridwe. Ana opinimbira cifukwa cosowa cakudya coyenera anatsika kucoka pa 35 kufika pa 32 peresenti.

Zopinga pa nchitoyi

Copinga coyamba ndi kutalikirana kwa mafukufuku. Panapita zaka 7 pakati pa kafukufuku wa umphawi wa 2015 ndi wa 2022, ndipo m'zaka zonsezo, kuphatikizapo za mliri wa Covid-19, mapulani a citukuko anali kudalira ziwerengero zakale. Kalembera amene anayenera kucitika mu 2020 anacedwanso ndi zaka ziwiri.

Caciwiri ndi kalembedwe ka obadwa ndi omwalira. Mu 2018, ana 14 cabe mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi amene kubadwa kwao kunalembedwa ndi boma. Cifukwa ca ici dziko limadalira kufunsa mabanja ocepa osankhidwa, ndipo kafukufuku wa zaumoyo amapereka cithunzi ca cigawo conse ca Kum'mawa, osati ca Chadiza kapena Lundazi payekha.

Cacitatu ndi ndalama. Mafukufuku a zaumoyo m'maiko ambiri a mu Africa anali kulipiriridwa ndi boma la America kupyolera mu USAID, ndipo thandizoli linaimitsidwa mu 2025.

Ziwerengero zonsezi zimayambira pa mayankho a mwininyumba amene wafunsidwa. Lamulo la 2018 limanena kuti mayankho a munthu ndi acinsinsi. Banja limene silinawerengedwe silioneka m'lipoti la ku Lusaka, Addis Ababa kapena New York, ndipo silingaganiziridwenso pamene boma likulinganiza kumene lidzamanga cipatala kapena kukumba cigayo ca madzi.