Mamodi a Skyrim: kaikidwe kake ndi zimene zimaimitsa gemu

Skyrim ndi gemu ya pakompyuta imene kampani ya Bethesda ya ku America idatulutsa pa 11 Novembala 2011. Wosewera amayenda m'dziko lalikulu lamapiri popanda womusankhira njira: akhoza kukhala msilikali, mbala kapena wamatsenga, ndipo pankhondo yapachiweniweni ya m'nkhaniyo amasankha yekha mbali, ya Imperial kapena ya Stormcloak.

Mamodi ndi mafayilo amene osewera amapanga okha pofuna kusintha gemuyo, monga kuonjezera midzi, zida ndi nkhani zatsopano. Ambiri amapezeka pa Nexus Mods, ndipo amaikidwa kudzera m'mapulogalamu a Vortex kapena Mod Organizer 2.

Choyamba kudziwa ndi mtundu wa gemu imene ili pakompyuta. Ya 2011 ndi yosiyana ndi Special Edition ya 2016, ndipo modi yopangidwira ina kawirikawiri sigwira pa inzake. Mamodi ambiri amadaliranso pulogalamu ya SKSE, imene iyenera kufanana ndendende ndi nambala ya gemu. N'chifukwa chake mu Novembala 2021, Bethesda itasintha gemuyi pokumbukira zaka 10, mamodi odalira SKSE adaleka kugwira mpaka eni ake atawakonzanso.

Gemu ikamazima isanafike n'komwe patsamba loyambira, nthawi zambiri pali modi imene ikufuna inzake yomwe sidaikidwe. Ndondomeko imene mamodi amatsegukira nayonso ili ndi mphamvu: awiri akasintha chinthu chimodzi, wotseguka pomaliza ndiye amapambana. Pulogalamu ya LOOT imawasanja n'kuchenjeza za zosoweka. Vuto likakanika, njira yodalirika ndi yozimitsa theka la mamodi, kuyambitsa gemu yatsopano, kenaka kugawanso pakati gulu limene lili ndi vutolo. Mamodi 64 amangofuna kuyesa kasanu ndi kamodzi kuti wolakwa apezeke.

Chimene chimaliza ambiri ndi kuchotsa modi ulendo uli pakati. Malamulo a modiyo amakhala atalembedwa kale m'fayilo yosunga pamene wosewera wafika, ndipo fayiloyo ikhoza kuonongeka, ntchito ya miyezi n'kupita. Wanzeru amakopera mafayilowa pafulashi asanasinthe chilichonse, makamaka kumene magetsi amazima mosachenjeza.

Si vuto lililonse limachokera kwa modi. Kumadera otentha a kunyanja, monga ku Chitala m'boma la Salima, laputopu ikatenthedwa m'mwezi wa Okutobala imadzichepetsera liwiro kapena kuzima yokha, ndipo wosewera amanamizira modi yosalakwa. Kuichotsa pamatiresi, kuiika pathebulo ndi kupukuta fumbi potulukira mpweya kumathandiza. Mamodi okongoletsa zithunzi ndiwo amalemetsa makina kwambiri, ndipo ena amaposa gigabayiti imodzi, zimene zimamaliza bandulo ya intaneti gemu isanayambe.