Mbiri ya Zidole za Mwana Wakhanda

 Nkhani yathu lero ndi ya kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife sitikaganizira kwenikweni, ndiko chidole cha mwana wakhanda.

Tsiku lina kumapeto kwa mwezi ndinaima m'sitolo ina mumzinda, ndipo patsogolo panga panali bambo wachinyamata amene anali kuwerenga ndalama zake kawirikawiri asanazipereke. Iye anali kugula kagalimoto koyendera mabatire, kolira ndi kothwanima nyali. Wogulitsa atamfunsa za msinkhu wa mwanayo, bamboyo anayankha monyadira kuti ali ndi miyezi iwiri. Ndinamumvera chisoni, pakuti chikondi chake chinali choona, koma ndalama imene ikanagula sopo ndi ufa wa phala la mayi woyamwitsa inapita pa chinthu chimene khandalo silingathe kuchigwira. Kodi mwana wa msinkhu wotere amafuna chiyani? Funso limeneli silinayambe lero, ndipo anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka zikwi zambiri.

Chidole chakale kwambiri cha makanda ndi maseche. Akatswiri ofukula zinthu zamakedzana apeza timaseche tadongo ku Egypt, ku Greece ndi ku Cyprus, tina toumbidwa ngati nkhumba kapena mbalame, tokhala ndi timiyala m'kati mwake. Zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece dzina lake Aristotle anayamikira maseche amene anthu ankati anawapanga ndi Archytas wa mumzinda wa Tarentum. Chifukwa chimene anawayamikira nchoseketsa: ankati mwana sangathe kukhala chete, tsono ndi bwino kumpatsa chogwedeza kuti asaphwanye ziwiya za m'nyumba. Tikuona apa kuti kwa anthu akalewo ntchito ya chidole inali kutonthoza mwana ndi kupumitsa makolo.

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 mabanja olemera a ku England ankagulira makanda awo maseche asiliva okhala ndi timabelu, ndipo kunsonga kwake ankaikako kamwala kofiira kosalala ka m'nyanja yamchere. Mwana ankaluma kamwalako pamene mano akumera, koma makolo ankakhulupiriranso kuti kamateteza mwana kwa afiti ndi ku matenda. Omvera ambiri akumbukira apa mkuzi ndi zithumwa zimene agogo athu ankamanga m'chiuno mwa khanda likatuluka m'chikuta. Mantha a kholo ndi amodzimodzi kulikonse, makamaka m'masiku amenewo pamene ana ambiri ankamwalira asanathe chaka.

Maganizo anayamba kusintha m'chaka cha 1693, pamene Mngelezi wina dzina lake John Locke, amene analinso dokotala, anasindikiza buku lonena za kaleredwe ka ana. Iye anadzudzula makolo amene ankaunjikira ana awo zidole zogula, ponena kuti mwana wotere amaphunzira kunyoza zimene ali nazo ndi kulirira zina. Analangiza kuti mwana azipatsidwa chidole chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuti zinthu wamba za pakhomo zimene sizingamvulaze zimamkondweretsa mofanana ndi zodula.

Koma munthu amene anayamba kupanga zidole motsata msinkhu wa mwana ndi mphunzitsi wa ku Germany, Friedrich Froebel, amene dzina lake aliyense wa ife amene anadutsa ku sukulu ya uphunzitsi analimva. M'chaka cha 1837 iye anatsegula malo osewererapo ana ku Bad Blankenburg, ndipo mu 1840 anawatcha Kindergarten, kutanthauza munda wa ana. Zidole zake ankazitcha mphatso, ndipo ankazipereka mwandondomeko. Mphatso yoyamba, ya khanda lenileni, inali timipira 6 tofewa taubweya, tamitundu yosiyanasiyana, timene mayi ankalendewetsa pamaso pa mwana uku akumuimbira. Mphatso zamatabwa zinkabwera pambuyo, mwana atakulako. Boma la Prussia linaletsa sukulu zimenezi mu 1851 poziganizira kuti zikufalitsa maganizo oukira, ndipo Froebel anamwalira chaka chotsatira chiletsocho chisanachotsedwe. Ngakhale zinali choncho, nzeru yake yakuti chidole chiyenera kulingana ndi msinkhu inafalikira pa dziko lonse.

Komabe panali vuto limodzi. Palibe amene ankadziwa bwino zimene khanda limaona kapena kumvetsa. Mu 1890 katswiri wa ku America, William James, analemba kuti kwa mwana wongobadwa kumene dziko ndi chisokonezo chokhachokha cha phokoso ndi kuwala, ndipo kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankaganiza kuti khanda siliona kanthu kenikeni.

Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene anadekha ndi Jean Piaget wa ku Switzerland. Iye pamodzi ndi mkazi wake ankakhala pambali pa ana awo atatu, obadwa pakati pa 1925 ndi 1931, namalemba tsiku ndi tsiku zimene anawo ankachita, ndipo mu 1936 anasindikiza zimene anapeza. Anaona kuti mwana wa miyezi itatu kapena inayi akakhudza mwangozi chinthu cholendewera nkumva chikulira, amabwerezanso mobwerezabwereza, chifukwa wazindikira kuti dzanja lake ndi limene lachititsa kulirako. Anaonanso kuti ukabisa chidole pansi pa nsalu, mwana wa miyezi isanu sachifunafuna, koma akafika miyezi 8 kapena 9 amavundukula nsaluyo. Ofufuza a pambuyo pake, monga Renée Baillargeon m'zaka za m'ma 1980, anasonyeza kuti makanda amayamba kuzindikira zimenezi msanga kuposa m'mene Piaget ankaganizira, kungoti manja awo amakhala asanakhwime. Koma mfundo yake yaikulu inatsala chiimire: khanda limaphunzira mwa kugwira, kuluma, kugwedeza ndi kugwetsa.

Za maso a khanda anatithandiza ndi Robert Fantz wa ku Cleveland, ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 iye anapanga kabokosi kamene ankagonekamo makanda chagada, nkuwaonetsa zithunzi ziwiri, iye akusuzumira pa kabowo ndi kuwerenga nthawi imene maso a mwana akhala pa chithunzi chilichonse. Anapeza kuti ngakhale khanda la masiku ochepa limasankha chopenya. Limakonda mizeremizere yakuda ndi yoyera kuposa mtundu umodzi wosalala, ndipo limakonda kwambiri chithunzi chofanana ndi nkhope ya munthu. Lero tikudziwa kuti mwana wongobadwa amaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo umenewu ndi mtunda wa pakati pa bere ndi nkhope ya mayi. Kunena zoona, chidole choyamba cha munthu aliyense ndi nkhope ya amake.

Africa nayenso ali ndi gawo m'mbiri imeneyi. M'zaka za 1954 ndi 1955 mayi wina wofufuza, Mary Ainsworth, ankayendera mabanja 26 m'midzi yozungulira Kampala ku Uganda, kuonerera amayi ndi makanda awo. Anaona kuti mwana amene amake amamuyankha msanga akalira ndi amene amalimba mtima kukwawa kupita patali kukafufuza zinthu, namabwerera kwa amake kawirikawiri monga munthu wobwerera kumudzi. Buku lake lonena za makanda a ku Uganda linatuluka mu 1967, ndipo zimene anaphunzira kwa amayi a m'midzi imeneyo zimaphunzitsidwa m'masukulu aukachenjede mpaka lero. Phunziro lake ndi lakuti chidole chimapindula pamene pali munthu wokhulupirika pafupi.

Umboni wamphamvu kwambiri unachokera ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Kuyambira mu 1986, gulu lotsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor linatsata ana 129 opinimbira chifukwa cha kusowa zakudya, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, ndipo alangiziwo ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha ndi zinthu zotayidwa za pakhomo. Patatha zaka 20 ofufuza anawafunafunanso anawo, ndipo mu 2014 analengeza kuti amene ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Omvera, zidole zimenezo sizinali za m'sitolo ayi.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali yake yomvetsa chisoni. Pamene mafakitale anayamba kupanga zidole zambirimbiri, ana ena anavulala ndipo ena anafa. Dziko la America linakhazikitsa lamulo loteteza ana ku zidole zoopsa mu 1969, ndipo mu 1978 linaletsa penti wokhala ndi mtovu pa zinthu za ana, pakuti mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Mu 1979 anakhazikitsa muyeso wa kachubu kotakata masentimita atatu ndi pang'ono, nalamula kuti chinthu chilichonse cholowa chonse m'kachubuko sichiyenera mwana wosakwana zaka zitatu, chifukwa chingathe kumtsamwitsa. Mu 2004 dziko la Canada linaletsa kugulitsa timipando tamatayala tophunzitsira ana kuyenda, ataona kuti ana ambiri ankagwa nato ndi kufikira zinthu zotentha. Ngakhale malamulo analipo, mu 2007 kampani yaikulu ya Mattel inaitanitsa zidole mamiliyoni ambiri kuti zibwezedwe chifukwa cha penti wamtovu ndi timaginito tothothoka. Ndipo makanema amene ankatsatsidwa kuti amanola nzeru za makanda anapezeka opanda umboni, kotero kuti mu 2009 kampani ya Disney inavomera kubweza ndalama kwa makolo amene anagula makanema ake a Baby Einstein. Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana chaka asamaikidwe pa kanema kapena pa foni. Kukwera mtengo kwa chinthu si umboni wa ubwino wake.

Tsono tiyeni tibwerere kwathu. Mu 2010 madokotala ogwira ntchito ku College of Medicine ku Blantyre pamodzi ndi anzawo akunja anasindikiza njira yoyezera kakulidwe ka ana a ku Malawi, ataona kuti miyeso yochokera kunja inkafunsa ana za zinthu zimene sanazionepo m'mudzi mwawo. Izi zikutikumbutsa kuti mwana wa kuno amakula bwino ndi zinthu za kuno.

Kodi mbiri yonseyi ikumuuza chiyani bambo uja wa m'sitolo? M'miyezi itatu yoyamba, mpatseni mwana nkhope yanu ndi mawu anu. Muyang'aneni, muimbireni, ndipo akalira kapena kuguguza, muyankheni. Chitenje chamaluwa oonekera bwino chikwanira kukhala chopenya chake, ndipo ali maso mugonekeni chafufumimba pamphasa kwa kanthawi, inu muli pomwepo, kuti khosi lilimbe. Kuyambira miyezi itatu kufikira 6, pamene wayamba kutambasula dzanja, mpatseni chinthu chopepuka chimene angathe kufumbata, monga kampira kansalu kosokedwa bwino kapena maseche otsekedwa zolimba. Ngati mupanga nokha maseche ndi chikho, onetsetsani kuti njere sizingatuluke, ndipo musaikemo nsatsi, pakuti njere zake ndi poizoni. Akayamba kukhala pansi ndi kukwawa, mpatseni mthiko woyera ndi mbale yoti aziimenya, makapu oti azilowetsana, ndi kansalu koti muzibisiramo chinthu iye nkumachivundukula. Akagwetsa chinthu kakhumi inu nkumatola, musapse mtima, pakuti imeneyo ndiyo sukulu yake.

Pa msinkhu uliwonse kumbukirani kuti chilichonse chimene khanda lagwira chimathera m'kamwa. Chikhale choyera, chopanda nsonga, chosasuluka penti, ndiponso chachikulu moti sichingalowe chonse m'kamwa mwake. Mtedza, chimanga, mikanda, mabatani, ndalama zachitsulo, zitsekerero za mabotolo, timabatire ndi majumbo apulasitiki zikhale kutali, ndipo chingwe chachitali chisakhale pogona pake. Alezi ndi ana okulirapo amene timawasiyira makanda tiwauzenso zimenezi, pakuti ndi iwo amene amakhala ndi mwana nthawi yaitali pamene amayi ali kumunda kapena kumsika.

Makolo athu anati mmera mpoyamba. Kuyambira kwa Froebel ndi timipira take taubweya kufikira kwa amayi a ku Kampala ndi ku Kingston, onse afika pa mfundo imene agogo athu ankaichita osailemba m'buku, pamene ankanyamula mdzukulu pamiyendo, kumuombera m'manja ndi kumuseketsa. Kholo limene lilibe ndalama ya chidole cha m'sitolo lisadzione lopereweza. Madzulo ano, ntchito ikatha, khalani pamphasa ndi mwana wanu kwa kanthawi, ndipo muone chimene maso ake akutsata.